Bana Mulenga, Mbemba Amene Anakhalira Bokosi la a Daka

A Bana Mulenga amwalira mwezi wathawu, mvula isanagwe, ndipo pamaliro ine sindinapatsidwe mpata wolankhula. Zinakhala bwinonso, chifukwa ndikanayamba sakanandiletsa. Amene analankhula anati malemuwo anali mayi wofatsa, wosakonda zolongolola, mpaka ndinasuzumira bokosi kuti mwina tasokoneza maliro. Kufatsa kwake kuti? Mayi amenewo ankatinyoza kuyambira basi yoyamba mpaka yomaliza, ndipo n'chifukwa cha pakamwa pawo pomwepo kuti ena a ife tikupumabe.

Anali Mbemba wa ku Kasama. Anabwera kuno ku Kacholola akadali mtsikana, potsatira amuna awo amene boma linawatumiza kudzaphunzitsa pasukulu yathu. Aphunzitsiwo atamwalira, mtembo unapita kwawo, ndipo tonse tinati basi, mayiwo sitidzawaonanso. Tinangodabwa tsiku lina akutsika basi, mwana wawo Mulenga kudzanja ili, mtolo wa mitengo ya chinangwa pamutu. Anapempha malo pamtunda kuseri kwa tchalitchi, pamene aliyense ankapakana chifukwa cha miyala. Kuno analibe mlongo, analibe msuweni, analibe ngakhale manda a m'bale oti n'kuloza. Chinkawasunga pakati pathu chinali kufuna kwathu basi, ndipo iwo ankadziwa bwino kuti tsiku limene tidzatope nawo adzasowa pogwira.

Tinayesa kuwatchula amake Mulenga monga timachitira kwathu kuno, m'malo mwa Bana Mulenga wa Chibembayo, koma anakana, akuti dzina lawo tisaliwawule ngati mbewa. Ankagulitsa nthochi pamsewu waukulu, ine ndikukonza njinga pambali pawo, choncho ndinamva zambiri kuposa zimene khutu limodzi liyenera kumva. Moni wawo wa m'mawa unali wondifunsa ngati makoswe a m'nyumba mwanga apulumuka usikuwo. Ine ndinkafunsa ngati ku Kasama kwatsalako nyani ngakhale mmodzi, kapena anamaliza onse asananyamuke. Kwa osadziwa za kuno, Abemba ndi ife a kum'mawa tili pa chimbuya, chibale chonyozana. Mbuya wako akhoza kukunena chilichonse pamaso pa apongozi ako, ndipo ukakwiya wopusa ndiwe. Summenya, sumutengera kubwalo la milandu, umangomubwezera ngati uli ndi mawu.

Koma kulemera kwa chimbuya kumaonekera pamaliro. Pakagwa zovuta, a Bana Mulenga ankafika mfuu isanathe, tsache m'manja. Ankasesa, kutunga madzi, kusonkha moto, kenako n'kutenga ufa m'lichero n'kuyamba kupaka anamfedwa kumaso mmodzimmodzi, kaya ndi mkulu wa mpingo kaya wavala suti. Ankatsanzira kayendedwe ka womwalirayo, n'kumunena kuti wafa dala pothawa kupalira. Mayi amene walira mpaka mawu kutha ankapezeka waseka misozi ili m'masaya, n'kulandira phala limene wakhala akulikana. Amayi a chigwirizano anakangana nawo kangapo chifukwa chosokoneza nyimbo. Iwo ankayankha kuti chisoni chosasekako chimaola m'chifuwa, ndipo kuti Mulungu amene analenga munthu wodya makoswe sangakhale wodana ndi nthabwala.

Panali chinthu chimodzi chimene ankatinena nacho nkhope ili gwa. Ankati ife a kuno timaopa mkango umene sitinauonepo, koma madzi sitiwaopa chifukwa timawadziwira m'ndowa. Kumunsi kwa mudzi wathu kuli kamtsinje ka Kamphasa, kamene nthawi zambiri ndi mchenga wokhawokha, moti ana amaseweramo mpira. Manda athu ali kutsidya kwake, kumene kunali mudzi wakale makolo asanasamukire kumsewu. A Bana Mulenga akamawoloka pamenepo sankacheza, ankayenda ndawala, maso ali kumtunda. Ankati mtsinje wa mchenga sunafe, wangopita kukacheza, ndipo pobwera sugogoda. Ife tinkaseka n'kumati Mbemba akuopa kunyowa zidendene.

Chaka chimene ndikufuna kunena ndi chija kunabwera chimphepo chochokera kunyanja yaikulu, chimene chinagwetsa nyumba ku Mozambique. Wailesi itanena kuti chikulowera kumtunda kuno, tinasanjika miyala pamalata, ena kumanga madenga ndi mawaya. Kenako wailesi yomweyo inati chafooka, mphepo yachepa mphamvu, koma tiyembekezere mvula yambiri ndi kusefukira kwa mitsinje. Ife tinamva mawu oyambawo, otsalawo tinawasiya m'wailesi momwemo. Anthu anatsitsa miyala padenga akuseka kuti chimphepo chaopa mapiri a ku Nyimba. Mvula inagwadi, koma yamvumbi, yosaopsa, yonga imene timaidziwa chaka ndi chaka.

M'masiku omwewo ndi pamene anamwalira a Daka, bambo wachikulire wolima thonje, mnansi wathu. Mtembo unachedwa kale m'nyumba podikira mwana wawo wamkulu Lakisoni, amene ankachokera ku Lusaka, ndipo sukanatha kudikiranso. M'mawa wa tsiku loika maliro mvula inakata, kadzuwa n'kutulukira. Adzukulu, anyamata okumba manda, anawoloka Kamphasa madzi akulekeza m'kakolo, ndipo posakhalitsa uthenga unabwera woti manda atha. Kumwera kokha, kumapiri a kumalire, kunali bii ngati kuseri kwa mphika. Ine ndinali mmodzi mwa onyamula bokosi, kutsogolo.

Njira yotsikira kumtsinje ndi yopapatiza, mbali iyi bango, mbali inayo thanthwe. Tinatula bokosi pathanthwepo kuti tivule nsapato ndi kupinda mathalauza. Potembenuka tinapeza a Bana Mulenga akhala pabokosi, miyendo atatambasula, akukonza duku lawo. Palibe anadabwa. Mbuya amatero ndithu, amatsekereza maliro, achibale n'kumuponyera kenakake m'mbale, iye n'kunyamuka anthu akuseka. Mbale inayenda, inafika pamiyendo pawo, koma sanaiyang'ane n'komwe.

Lakisoni anayandikira mwaulemu, nkhope ili mbuu ndi ufa umene anam'paka m'mawa. "Amai, chimbuya tachiona, zikomo. Manje nyamukani, nthawi yatha."

"Awe mukwai, ine lelo nalema," anatero a Bana Mulenga. "Atate ako anali kunimana mpando pa nyumba pao. Lelo naupeza."

Anthu anaseka. Mbale inayendanso, iwo n'kuikankha ndi phazi. Kuseka kunayamba kuchepa, chifukwa mbuya sakana mbale kawiri.

"Imwe odya makoswe, yang'anani kumapili uko," anatero akuloza kumwera. "Mvula ili kugwa kuja izapita kuti? Izakwela basi kuyenda ku Lusaka?"

Mkulu wa mpingo, bambo wodekha, anati, "Amai, pa wailesi anakamba dzulo kuti chimphepo chafooka."

"Yafooka ni mphepo. Nanga madzi amene chinanyamula kunyanja? Munthu akalema na mtolo amachita bwanji? Amatula. Chatulila pa mapili paja."

"Koma manda akumbidwa kale, ndipo manda sagona," anatero mkuluyo. Amenewo ndiwo anali mawu olemera, pakuti kwathu dzenje likakumbidwa siligona lopanda mwini, amati limaitana wina. Amayi ena anayamba kung'ung'udza. Mtsinje unali pomwepo tikuuona, timadzi toyenda pang'onopang'ono pamchenga, mwana akanatha kuwoloka.

Dzuwa linakwera. Nyimbo zinaimbidwa mpaka zinatha, n'kuyambanso zomwezo. Kutsidya adzukulu anabwera pagombe kudzaona chimene chatigwira, akukupiza manja. Lakisoni mtima unamuthawa, anawagwira mkono kuti awadzutse. Pamenepo amake, a Velonika, anatulutsa nkhope m'chitenje.

"Lakisoni, asiye. Mbuya sagwilidwa."

Anawasiya. Koma a Esinati, mlongo wawo wa a Daka, mayi wamtali wosaopa munthu, anadutsa pakati pa anthu n'kukaima patsogolo pa bokosi. Zimene ananena sizinali za chimbuya.

"Ichi si chimbuya, ni nkhanza. Iwe ndiwe mlendo. Kuno ulibe manda, ndiye chifukwa sudziwa kuwawa kwake. Mlongo wanga anunkhe pa njila chifukwa cha iwe? Ukachoka apa ulonge katundu, uyende kwanu."

Ine ndinali pafupi, maso anga ali pa a Bana Mulenga. Mayi amene sankasowa yankho ngakhale kwa kondakitala woledzera anangogwira m'mphepete mwa bokosi mwamphamvu n'kuyang'ana pansi. Zonse zimene anamanga pakati pathu kuyambira utsikana wawo zinali kugumuka iwo akuona, ndipo chofunika kuti zisagumuke chinali kungoimirira basi. Sanaimirire. Ndakhala ndikuona anthu olimba mtima, koma kulimba kwa tsiku limenelo sindinakuonenso, ndipo ndimanyadira kuti ndinalipo.

Dzuwa lili pamutu tinamva mkokomo kumtunda, ngati malole akutsika phiri. Kunabwera kafungo ka matope, kenako thovu ndi zinyalala zikuthamanga pamchenga. Pambuyo pake panabwera madzi enieniwo, ofiira, ataimirira, atanyamula mitengo ya nthochi ndi mizu yomwe, mbuzi yakufa, ndi chitseko cha nyumba ya munthu. Tinakokera bokosi kumtunda a Bana Mulenga akugwa chagada, amayi akukuwa ndi ana kumsana. Pamene tinavulira nsapato panasanduka pakati pa mtsinje, ndipo nsapato zanga zinapita tsiku limenelo. Kuthambo kwathu kunali kowala, dontho la mvula ngakhale limodzi panalibe. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ife tinali titaiwala.

Musaganize kuti a Bana Mulenga ananyadira. Anakhala pansi m'matope n'kuyamba kulira kuposa anamfedwa. Patapita nthawi ndinawafunsa pamsewu kuti anadziwa bwanji. Anati sanadziwe, ankangoopa. Ali mwana kwawo anaonapo mtsinje ukutenga anthu kunja kuli ngwee, ndipo m'mawa umenewo poona mdima wa kumapiri anakumbukira zimenezo. Ndinafunsa kuti nanga madzi akanapanda kubwera? Anati bwenzi pano akugulitsa nthochi ku Kasama.

Vuto linatsala linali la mtembo. Kutsidya kunali kosafikika, adzukulu ndi makasu awo anatsekeredwa komweko, ndipo anakhala masiku angapo akudyetsedwa ndi anthu a m'minda ya kumeneko. M'dzenje lija anaikamo thunthu la nthochi n'kukwirira, monga mwa mwambo. Kuno akuluakulu anakhala pansi kufunsana kuti a Daka agone kuti. Aliyense anali ndi chifukwa: uyu munda wake ndi wa chidikha, uyo ndi wa akuchikazi, winayo wangodzala kumene. Zoona zake n'zakuti palibe amafuna manda m'munda mwake. A Bana Mulenga anamvetsera mpaka anatopa, n'kunena kuti tikazule chinangwa chawo kuseri kwa tchalitchi, pamtunda pamene madzi safika. Tinakumba ndi makasu obwereka, miyala ikuthetheka, ndipo pokwirira mvula yeniyeni inali itafika, yosaona ndi patsogolo pomwe. Inagwa mpaka madimba onse a m'mbali mwa Kamphasa anapita, koma pamudzi pathu sitinataye munthu.

Mungayembekeze kuti anthu anawanyamula pamapewa. Ayi ndithu. A Esinati anali ndi mfundo yawo, ndipo sinali yopusa. Ankati pakanapanda kutsekereza kuja tikanawoloka m'mawa pouma, mlongo wawo n'kugona pambali pa amake ndi atate ake, osati yekhayekha m'chinangwa cha mlendo. A Bana Mulenga ankati kuwoloka tikanawolokadi, nanga pobwerera, khamu lonse lija la nkhalamba ndi amayi a makanda lili pakati pa mchenga dzuwa lili pamutu? Ena ankati tikanakhala titabwerako kale, ena ankati ayi, ulaliki wa tsiku limenelo unali wautali. Mlandu umenewo palibe anaugamula mpaka lero. Ine ndimangodziwa kuti phewa langa linali pansi pa bokosi, ndipo ndikanakhala woyamba kuponda mumtsinje ndi womaliza kubwerako.

Kenako kunayamba manong'onong'o oipa, akuti mayiwo anachita dala kuti apeze mtembo wokhwimira chinangwa. Anthu analeka kugula chinangwa chawo. Pamaliro otsatira anafika ndi tsache lawo monga kale, koma atatenga lichero la ufa anamfedwa anatembenuzira nkhope kukhoma. Ananena nthabwala imodzi, inagwa pansi popanda woitola. Anabweza lichero, n'kupita kukatsuka mbale kuseri. A Esinati akamadutsa pamsewu ankawoloka tsidya lina kuti asapatsane moni. Mulenga, amene pa nthawiyo ankagwira ntchito ku Kitwe, anabwera kudzawatenga, koma anakana. Anati akachoka ndiye kuti avomera, komanso a Daka atsala ndi ndani wowazulira udzu.

Chinasintha zinthu si kupepesa kwa munthu, ndi mvula yomweyo. Dzinja lina Kamphasa atadzaza kunamwalira mwana wakhanda, ndipo atate ake anapita okha kukagogoda kwa a Bana Mulenga, chipewa chili m'manja. Anazula chinangwa china. Kenako nkhalamba ina, kenako wina. Lero pamudzi pathu palibe amene amawolotsa maliro kumapiri kukada, ngakhale wailesi inene kuti chimphepo chafooka chotani, ndipo sitichitanso kukangana. Munda unkachepa chaka ndi chaka, mwini wake akudandaula pamsewu mokweza kuti odya makoswe ndi akuba, amalanda malo ngakhale atafa. Tsiku limene ananena zimenezo anthu n'kuseka, ndinadziwa kuti ayambanso kukhala athu. A Esinati okha ndi amene sanasunthe.

A Bana Mulenga anadwala nthawi yochepa. Atamwalira, Mulenga anafika ndi galimoto yoti itenge mtembo kupita ku Kasama, kukagona pambali pa amuna awo. Ndi mwana wawo, ndani akanamuletsa? Tinakhala pabwalo mitu ili pansi, manyazi atatigwira, chifukwa tsopano mbuya tinali ife, mudzi wonse, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali ndi mphamvu yonyoza. Bokosi linali litatulutsidwa kale pakhonde pamene a Esinati anatulukira, akuyenda ndi ndodo, lichero la ufa lili m'khwapa. Anthu anapatuka. Anafika kwa Mulenga, bambo wa imvi zake, n'kumuthira ufa kumutu mpaka m'makutu. Kenako anatembenukira bokosi n'kuligogoda ndi ndodo.

"Iwe wodya anyani, uli kumvela? Unanibela mlongo wanga, unamuika m'chinangwa chako. Manje ufuna kuthawa umusiye na ndani? Suyenda kulikonse. Uzagona pamene paja, umulonde."

Amenewo anali mawu oyamba amene a Esinati analankhula kwa iwo chichokere tsiku la kumtsinje. Atatero anakhala pansi n'kutsamira bokosi. Wina anaseka, wina analira, kenako bwalo lonse linasokonekera, amayi akulimbirana lichero, anyamata akutsanzira mmene malemu ankathamangira basi ndi mkoko wa nthochi pamutu. Mulenga anapukuta ufa m'maso, anayang'ana anthu onsewo, n'kupita kukalankhula ndi dalaivala. Galimoto inabwerera yopanda kanthu. Tinawaika kuseri kwa tchalitchi, pomwe panali mizere yomaliza ya chinangwa chawo.

Sabata yatha kunali maliro ena pamudzi. Tinanyamula kuchokera pakhomo mpaka kumanda osatula paliponse, nkhope zathu zopanda ufa, ndipo tinafika msanga kwambiri. Namfedwa analira njira yonse popanda womudula.

Kunyumba kwawo chitseko n'chomanga ndi waya, nkhuku anagawana anansi, ndipo bwalo limene linkaseseredwa m'mawa uliwonse layamba kumera chisoso. Pamsewu kasakasa kawo kakadalipo, mitengo inayi ndi udzu wothothoka pamwamba. Mabasi akaima, makondakitala amayang'ana pamenepo kaye asanatsike, kenako amagula kwa ena mwakachetechete. Amayi ogulitsa amayala mabeseni awo uku ndi uku, pakati n'kusiya mpata. Dzana kunabwera mtsikana wochokera ku Nyimba ndi dengu la tomato, anaona malo opanda munthu n'kuyamba kuyala. A Esinati, amene masiku ano amakhala pamthunzi wanga kudikira adzukulu awo ochokera kusukulu, anamukodola ndi ndodo.

"Mwanawe, sendela uko. Apo pali mwine wake, wa pamudzi pano."